PHIRI LA MAFUTA PANSI PA MZINDA

*Phunziro la mwezi uno: za ngalande za zonyansa, kutsekeka kwace ndi kusefukira kwace.*

Mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za cinthu cimene maso saciona, cingakhale ciri pansi pa mapazi a anthu zikwi zambiri. Munthu woyenda m'miseu ya mzinda waukuru apenya nyumba zazitali, magalimoto ndi nyali, nazizwa nazo. Koma saganiza kuti pansi pa mseu umene apondapo pali njira zina za mumdima, m'mene muyenda madzi onse oipa ocokera ku zimbudzi, ku makhichini ndi kosambira. Njira zimenezi tizicha ngalande za zonyansa. Zikamayenda bwino palibe munthu azikumbukira. Koma tsiku limene zitsekeka, mzinda wonse udziwa kuti ziripo. Tatenga citsanzo cathu ku London, mzinda waukuru wa ku England, popeza mbiri ya ngalande zace idalembedwa bwino, ndipo bvuto limene tinena lidaoneka kumeneko poyera koposa.

I. Masiku a Kununkha Kwakukuru

Kale nyumba za ku London zinali ndi maenje pansi pace kapena kuseri kwace, m'mene zonyansa zinaunjikana. Ndipo panali anthu a nchito yokapa maenjewo usiku ndi kugulitsa zokapazo kwa alimi zikhale manyowa. Koma anthu atacuruka, ndi zimbudzi za madzi zitayamba kufala, maenje aja anadzala msanga nasefukira. Pamenepo akuru a mzinda analamula, kuyambira caka ca 1848, kuti maenje atsekedwe, ndi kuti nyumba zitaye zonyansa zace m'ngalande zakale za mvula. Tsono ngalandezo zinathira mu mtsinje wa Thames, ndiwo mtsinje womwewo umene anthu ambiri anatungamo madzi akumwa.

Cotsatira cace cinali maliro. Nthenda ya kolera, imene inayamba kugwa m'mzindamo m'caka ca 1832, inabweranso m'zaka za 1848 ndi 1849 nipha anthu oposa 14,000. Ndipo m'zaka za 1853 ndi 1854 inaphanso oposa 10,000. Anthu a masiku aja, ngakhale asing'anga ophunzira, anayesa kuti nthendayo idza ndi pfungo loipa la mumlengalenga. Koma sing'anga wina, dzina lace John Snow, anakana maganizo awa. M'caka ca 1854, kolera itabuka m'dera la Soho, iye anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kumene akufawo anatunga madzi, napeza kuti ambiri a iwo anamwa a pa mjigo umodzi wa mu mseu wa Broad Street. Anadandaulira akuru a deralo, iwo nacotsa cogwirira ca mjigowo. Pambuyo pace kunadziwika kuti dzenje la zonyansa la nyumba ina linali pafupi ndithu ndi citsimeco, ndipo linalikudontheramo. Anthu oposa 600 anafa ndi mliri wa m'dera limenelo lokha.

Ngakhale zinatero, akuru anazengereza. Ndipo cimene maliro sanakhoza kucita cinacitika ndi pfungo. Mu June caka ca 1858 kunatentha kolimba, madzi a Thames anacepa, ndi zonyansa za anthu oposa mamiliyoni awiri zinatsala pa matope a m'mphepete nizibvunda padzuwa. Nyumba ya Malamulo iri m'mbali mwa mtsinje womwewo. Anayesa kubviika nsaru za m'mazenera m'mankhwala a njereza kuti aphe pfungo, koma sikunathandiza. Pamenepo lamulo limene linacedwa zaka zambiri linatha m'masiku 18, ndipo njira yopezera ndalama za nchito inatseguka.

II. Nchito ya Joseph Bazalgette

Nchitoyo inapatsidwa kwa mmisiri wamkuru wa mzinda, Joseph Bazalgette, ndipo inayamba m'caka ca 1859. Nzeru yace inali yotere. Ngalande zakale zonse zinatsetserekera ku mtsinje. Cifukwa cace iye anamanga ngalande zina zazikuru zoyenda motsata mtsinje, tsidya lino ndi tsidya lija, kuti zilandire za m'ngalande zakale zisanafike ku Thames, ndi kuzitengera kum'mawa, kutali ndi nyumba za anthu. Za tsidya la kumpoto zinafika ku Beckton, ndi za tsidya la kumwera ku Crossness. Kumene nthaka inali yotsika, anamanga nyumba za makina opopa madzi: ya ku Crossness inatsegulidwa m'caka ca 1865, ndi ya ku Abbey Mills m'caka ca 1868. Ngalande zazikuruzo zinafika mamailosi 82, ndi za m'miseu mamailosi monga 1,100. Njerwa zomangira zinaposa mamiliyoni 300.

Ngalande zambiri za masiku aja zinaumbidwa monga dzira loimika, mbali yace yopapatiza iri pansi. Anatero kuti madzi akacepa aunjikane pamalo popapatiza nathamange ndithu, ndi kukokolola zinyatsi. Tigwiritse mau awa: moyo wa ngalande ndiwo kuthamanga kwa madzi. Madzi akaleka kuthamanga, zinyatsi zikhazikika, ndipo bvuto layamba.

M'caka ca 1866 kolera inagwanso nipha anthu oposa 5,000, koma makamaka ku mbali ya kum'mawa, kumene ngalande zatsopano zinali zisanathe; ndipo uwu ndiwo unali mliri waukuru wotsiriza wa kolera m'London. Bazalgette anamwalira m'caka ca 1891, koma ngalande zace zirikugwira nchito kufikira lero. Tikumbukire zinthu ziwiri zokha za izo. Coyamba: pomangidwa, anthu a mzindawo anali monga mamiliyoni atatu, koma lero ali monga mamiliyoni asanu ndi anai. Caciwiri: m'madera akale a mzinda, madzi a mvula ndi zonyansa za m'nyumba ziyenda m'ngalande imodzi. Zinthu ziwirizi tidzakomana nazonso m'phunziro lathu.

III. Umo Phiri la Mafuta Libadwira

A ku England ali ndi dzina la cimene citseka ngalande zao masiku ano. Acicha fatberg, ndiwo mau opangidwa ndi mau ao a mafuta ndi a phiri la madzi oundana loyandama m'nyanja. Ife tidzacicha phiri la mafuta. Phiri limeneli limangidwa ndi zinthu zitatu.

Coyamba ndi mafuta ophikira. Yense adziwa kuti msuzi wa nyama yonona ukagona mu mphika, m'mawa mwace mafuta apezeka ataundana pamwamba, oyera ndi olimba. Wotsuka mbale atsira mafuta otsala mu sinki, natsirapo madzi otentha ndi sopo, napenya kuti zonse zapita, nakondwa. Koma zapita kuti? Pansi pa nthaka pali pozizira. Madzi otentha aja atayenda pang'ono azirala, mafuta naundana, namatirira ku makoma a mpope. Madzi otentha ndi sopo sizipha mafuta ai. Zingowasunthira kumene mwini saona. Mawa adza ena namatirira pa anzao. Ndipo monga anena akuru, pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Caciwiri ndi tinsaru tonyowa togula m'sitolo, timene anthu apukutira ana, nkhope ndi ziwiya, pamodzi ndi matewera otaya ndi zobvala za amai pa nthawi ya kumwezi. Pepala la m'cimbudzi lidapangidwa kuti lifumbutuke msanga m'madzi. Tinsaruti sititero, pakuti tambiri tiri ndi ulusi wa pulasitiki umene suola. Tikodwa pa njerwa yosweka, pa muzu wa mtengo wolowa mu mpope, kapena pokhota. Tina tikodwa pa tinzace, ndipo posacedwa pakhala ngati ukonde wochera mafuta onse opita. M'caka ca 2017 bungwe la makampani a madzi a ku Britain, lochedwa Water UK, linasanthula zinthu zocotsedwa m'mipope yotsekeka, nilipeza kuti pa magawo 100 ali onse, magawo 93 anali tinsaru timeneti. M'mipope yaing'ono, tsono, wopalamula wamkuru ndiye kansaru. M'ngalande zazikuru mafuta ndiwo acuruka, ndipo tinsaru ticita ngati udzu umene woumba asanganiza m'dothi kuti ligwirane.

Cacitatu ndi njereza, ndipo ici ndico ciumitsa phirilo. Amai ambiri adziwa kuti sopo apangidwa ndi mafuta osanganiza ndi soda kapena madzi a phulusa onga cidulo. Nchito yonga imeneyi icitika yokha mumdima wa ngalande. Mafuta akakhalitsa m'madzi oipa asweka nasanduka asidi wa mafuta. Asidiyo akomana ndi njereza, imene anzeru aicha kalisiyamu, yocokera m'madzi ndi m'simenti ya makoma. Zikakomana zibala mtundu wa sopo, koma sopo wosacita thobvu ndi wosasungunuka m'madzi, wouma ngati mwala. Madzi a ku London ali ndi njereza yambiri, popeza adzera m'nthaka ya miyala yoyera ya coko. Cifukwa cace ngakhale mafuta a m'botolo, amene saundana pa mbale, akhoza kuuma pansi pa mseu. Ndipo alakwa iye amene ayesa kuti mafuta a mpendadzuwa kapena a ntedza alibe mlandu.

IV. Mapiri Amene Anapezeka

M'caka ca 2013, ku Kingston upon Thames, kumwera ca kumadzulo kwa London, anthu a m'nyumba zina zosanjikiza anadandaula kuti zimbudzi zao sizikoka madzi. Anchito atatsitsa kamera m'ngalande anapeza cibuma ca matani 15, cacikuru ngati basi, cimene cinatsala pang'ono kutseka njira yonse. Anthu anazizwa naco, osadziwa kuti cinali mwana cabe.

Mu September caka ca 2017 anchito a kampani ya Thames Water, poyendera ngalande ya pansi pa mseu wa Whitechapel Road kum'mawa kwa London, anapeza phiri la matani 130, kulemera kwace monga mabasi osanjikiza 11, ndi utali wace mamita 250, ndiko kuposa mabwalo awiri a mpira oikidwa motsatana. Ngalandeyo ndi ya njerwa, ya masiku a Mfumukazi Victoria, ndi msinkhu wace upitirira pang'ono mita imodzi, kotero kuti munthu sakhoza kuimamo coongoka. Amuna 8 anagwira nchito yoliswa ndi mipope yolavula madzi mwamphamvu, ndipo kumene madzi analephera anagwira mafosholo ndi mapiki. Zoswekazo zinapopedwa ndi magalimoto a matanki. Nchitoyo inatha masabata 9. Gawo lina la mafutawo linayengedwa nilisanduka dizilo woyendetsa magalimoto; ndi zidutswa zina anaziumitsa naziika m'mabokosi otseka m'nyumba yosungira zakale yochedwa Museum of London, m'mene anthu anayamba kuziona mu February caka ca 2018. Ziri m'bokosimo zinasintha maonekedwe, zinacita thukuta, ndipo tinchenche tinaswamo.

Tisayese kuti ili ndi bvuto la mizinda yaikuru yokha. Mu December caka ca 2018, ku Sidmouth, kamzinda ka m'mbali mwa nyanja ku Devon, kunapezeka phiri la mamita 64, ndipo nchito yolicotsa inatha monga masabata 8. Anzeru a ku Yunivesite ya Exeter atalisanthula anapeza kuti linali la zinthu za m'nyumba: mafuta a zakudya, tinsaru, ulusi wa zocapa, ndi zina zotere. Ndipo m'caka ca 2021 ku Birmingham kunapezeka lina limene analiyesa la matani 300.

V. Kusefukira

Tsopano tafika pa mtima pa phunziro lathu. Kodi madzi oipa acita ciani akapeza njira yatsekeka? Sakhoza kuima, pakuti kumtunda anthu zikwi alikusamba, alikucapa ndi kutsuka, osadziwa kanthu. Madzi adzala mu mpope nabwerera m'mbuyo, nakwera, nafuna poturukira. Ndipo aturukira pa bowo liri lonse lotsika koposa. Mwina atukula cibvundikiro ca citsulo ca mu mseu nayenda pamene ana asewera. Mwina aturukira m'cimbudzi kapena posambira pa nyumba ya kumunsi, nadzaza zipinda usiku eni ace ali m'tulo.

Apa pali cinthu cowawa cimene tiyenera kucilingalira. Kawirikawiri wotsira mafuta sindiye asefukiridwa. Iye akhala kumtunda, kapena m'cipinda ca pamwamba, ndipo sinki yace iyenda bwino masiku onse. Wolandira tsoka ndiye mnansi wa kumunsi, ndi wokhala m'zipinda za pansi pa nthaka, zimene ku London ziri zambiri. Ndipo madzi awa sali ngati a mtsinje, amene akaphwa munthu ayanika katundu nagonanso. Zimene zamwa madzi awa, matiresi, mipando ya nsaru, zakudya, mabuku a ana, ziyenera kutayidwa. Pfungo likhala m'makoma miyezi. Ndipo banja lotere likamva mvula padenga, tulo tithawa. Wopalamula samva konse za mlandu wace.

Mvula ndiyo iulula zobisika. Tanena kale kuti m'madera akale mvula ndi zonyansa ziyenda m'ngalande imodzi. Ngalande imene mafuta aitseka theka ikhoza kuyenda bwino masiku a dzuwa, anthu nayesa kuti zonse ziri bwino. Koma mvula yamphamvu ikagwa, kanjira kotsalako sikakwanira, ndipo m'kanthawi kocepa miseu ndi nyumba zadzala. Mitsinje ina yaing'ono ya ku London, monga wa Fleet, idakwiriridwa kale nisanduka ngalande. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo mvula ikacuruka atsata zigwa zao zakale.

Kumene nyumba zipulumuka, mitsinje ndiyo isenza. Ngalande zambiri ziri ndi poturukira pa ngozi, pamene madzi osefukira athira mu mtsinje. M'caka ca 2017 ku Baltimore, mzinda wa ku America, phiri la mafuta linatseka ngalande, ndipo magaloni oposa 1,000,000 a zonyansa anathira mu mtsinje wa Jones Falls. Zonyansa zikalowa mu mtsinje zidya mpweya umene nsomba zipuma, nsombazo nizifa. Pofuna kuchinjiriza Thames, a ku London anakumba ngalande ina yaikuru koposa, yochedwa Thames Tideway Tunnel, ya makilomita 25, imene inayambidwa m'caka ca 2016 nilumikizidwa yonse m'caka ca 2025. Imeneyi ilandira madzi osefukira pa nthawi ya mvula. Koma sikhoza kutsegula mpope waung'ono wa mu mseu umene anthu autseka ndi mafuta.

VI. Amene Atsikira Mumdima

Tisaiwale anthu amene agwira nchito yotsegula. Atsika ndi cingwe pa dzenje lopapatiza, atabvala zochinjiriza thupi lonse, nagwira nchito cowerama, m'motentha ndi mwa makoswe. Mdani wao wamkuru ndiye mpweya. Zonyansa zikaola ziturutsa mpweya wina wonunkha ngati mazira obvunda, umene ukacuruka upha mphuno kuti munthu asaumvenso, nimgwetsa pomwepo. Ndi wina wopanda pfungo umene uyaka moto. Cifukwa cace anyamula kacipangizo kolira mpweya ukaipa, ndipo mnzao akhala pamwamba kuwayang'anira. Supuni ya mafuta imene ife titsira mosasamala, munthu wina wa banja lace adzaiswa ndi piki ali pakati pa ngozi zotere.

Ndalamanso zitayika. M'caka ca 2017 makampani a madzi a ku Britain ananena kuti anatsegula mipope yotsekeka monga 300,000 caka ciri conse, ndi kuti nchitoyo inadya mapaundi monga 100 miliyoni. Ndalama zimenezi sizigwa kumwamba. Zicokera m'matumba a anthu onse olipira madzi, wosamala ndi wosasamala yemwe.

VII. Kodi Izi Zitikhudza Ife?

Kapena wina adzati, Izi ndi za ku London. Ife tiri nazo ciani? Inde tiri nazo. Abale athu ambiri akhala ku Britain, ku Johannesburg, ku Lusaka ndi ku Harare, m'nyumba zolumikizidwa ku ngalande. Ndipo kwathu kuno madera ena a Blantyre, Lilongwe ndi Zomba ali nazo ngalande zotere. Ku Zimbabwe, m'zaka za 2008 ndi 2009, kolera inagwira anthu pafupifupi 100,000 nipha oposa 4,000; inasautsa kwambiri ku Chitungwiza ndi ku Budiriro, kumene ngalande zotsekeka ndi zophulika zinataya zonyansa m'miseu, pa nthawi imene madzi a m'mipope anasowa ndipo anthu anatunga m'zitsime zosazama. Kumeneko cinthu cina cotseka ngalande ndico mcenga wotsukira mapoto, umene ukhazikika pansi pa mpope osasunthika. Mlandu wa Broad Street unabwerezedwa patapita zaka zoposa 150. Ndipo m'Malawi momwe muno kolera ya zaka za 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700. Sitikhoza kunena kuti nthendayi ndi nthano ya makedzana.

Amene ali ndi thanki ya zonyansa pakhomo adziwe kuti lamulo liri lomwelo: mafuta atseka mipope yace ndi dzenje lomwera madzi, ndipo tinsaru tidzaza thanki nthawi isanakwane. M'cimbudzi cokumba, matewera ndi mapulasitiki saola. Dzenje lidzala msanga, ndipo okapa alephera kulipopa. Ndiponso ngalande za mvula za m'mbali mwa miseu yathu ndi misika yathu zitsekeka ndi majumbo, mabotolo, makoko a nzimbe ndi mafuta otayidwa a pa ciwaya. Dzinja likafika madzi alowa m'masitolo ndi m'nyumba za kumunsi, nasanganikirana ndi za m'zimbudzi. Zotseka zisiyana malo ndi malo, koma mcitidwe uli umodzi.

VIII. Zoyenera Kucita

Mankhwala a bvuto ili sali a mtengo wapatali. Ali m'manja mwa yense wophika ndi wotsuka.

1. Mafuta otsala tiwaleke azirale, tiwathire m'citini kapena m'botolo, ndi kuwataya ku zinyalala. Kumene kuli osonkhanitsa mafuta akale, tiwapereke kwa iwo.

2. Tisanatsuke poto kapena mbale ya mafuta, tiipukute ndi pepala, pepalalo tiliponye ku zinyalala.

3. Pa bowo la sinki tiikepo kasefa kogwira nyenyeswa za cakudya. Ndipo mcenga kapena phulusa lotsukira mapoto titaye pabwalo, si mu mpope ai.

4. M'cimbudzi ca madzi mulowe zinthu zitatu zokha: mkodzo, conyansa ca munthu, ndi pepala la m'cimbudzi. Ngakhale paketi ya tinsaru inena kuti tikhoza kutayidwa m'cimbudzi, kusamala kuposa. Titaye m'cotengera ca zinyalala cokhala ndi cibvundikiro, cimene ciyenera kukhala pambali pa cimbudzi ciri conse.

5. Eni nyumba zodyera, masukulu ogonera ndi zipatala aike msampha wa mafuta pa mpope wa khichini. Ndilo bokosi m'mene madzi ayenda pang'onopang'ono: mafuta ayandama pamwamba, nyenyeswa zimira pansi, ndi madzi a pakati okha apitirira. Koma msampha wosakapidwa pa nthawi yace uli wopanda pace.

6. Tikaona sinki icedwa kumwa madzi, cimbudzi cirikulira ngati cimeza mpweya, kapena madzi alikuturuka pa cibvundikiro ca mu mseu, tiuze msanga eni ace a ngalande. Munthu asatsike yekha m'dzenje la ngalande, ngakhale kukapulumutsa cinthu ca mtengo.

7. Zonyansa zikasefukira pakhomo, ana asayandikire. Otsuka abvale nsapato za mphira ndi zochinjiriza manja, atsuke ndi sopo ndi kuthira kolorini. Cakudya cokhudzidwa citayidwe, ndi madzi akumwa awiritsidwe. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, amwe madzi a mcere ndi shuga a Thanzi, ndipo apite naye ku cipatala osayembekeza kuca.

Aphunzitsi amene adzaphunzitsa ana phunziro ili akhoza kucita cotere. Atenge mabotolo awiri a madzi. M'limodzi aike pepala la m'cimbudzi, m'linzace kansaru konyowa ka m'sitolo. Ana akhucumule onse awiri ndi kupenya. Pepala lidzasanduka phala, koma kansaru kadzakhala kamphumphu, ndipo kadzakhalabe cotero ngakhale mwezi utapita. Atengenso mbale ya msuzi wonona aigoneke pozizira, ana adzaione m'mawa. Mwana amene waona izi ndi maso ace adzakumbutsa a kwao.

Abale, Bazalgette anamanga ngalande zimene zakhala zaka zoposa 150, koma sanakhoza kumanga mcitidwe wa anthu odzazigwiritsa nchito. Ngalande iri ngati citsime ca pamudzi: palibe mwini mmodzi, ndipo cifukwa cace yense ayesa kuti kanthu kace kakang'ono sikaononga. Koma phiri la ku Whitechapel silinagwe tsiku limodzi. Linamangidwa ndi manja ambiri, supuni ndi supuni, kansaru ndi kansaru, ndipo panalibe mmodzi wa omangawo amene anadziwa kuti alikumanga. Momwemonso likhoza kuletsedwa ndi manja ambiri. Tikaima pa sinki ndi poto wa mafuta m'dzanja, tikumbukire mnansi wa kumunsi amene sitimdziwa dzina, ndi wanchito amene adzatsikira mumdima.

Mafunso a pa Phunziro

1. Kodi John Snow anapeza ciani ku Broad Street m'caka ca 1854?

2. Cifukwa ninji ngalande zakale zinaumbidwa monga dzira loimika?

3. Chulani zinthu zitatu zimene zimanga phiri la mafuta, ndi nchito ya ciri conse.

4. Kodi madzi otentha ndi sopo acita ciani ndi mafuta otsiridwa mu sinki?

5. Cifukwa ninji ngalande yotsekeka theka isefukira makamaka pa nthawi ya mvula, ndipo ndani asauka koposa?

6. Kodi ngalande kapena dzenje limene lilandira madzi oipa a pakhomo panu liri kuti, ndipo ndi zinthu ziti zimene a m'nyumba mwanu ayenera kuleka kutayamo?